Chimpira Chimene a Yotamu Anasungira Eni Ake

Tazimitsani kafilimu kanuko, ana inu. Mbuzi zikudya chinangwa pathandala inu maso ali pafoni. Wongani, thamangitsa yamawangayo, ndiyo mtsogoleri wa akuba. Ukatero ubwere ukhale apa ndi achemwali ako, mundithandize kuchotsa ulusi m'chinangwa chovuulachi, manja azigwira ntchito makutu akumva. Ndikuyankhulani m'Chichewa chanu chomwechi, poti Chitonga mumachimva ndi khutu limodzi, mayi anu a ku Dedza anakuyamwitsani chakwawo. Lilime likanditerereka musaseke. Ine Chichewa ndinachitola pawailesi ndi pamsika pa Chintheche, sindinachikhalire m'kalasi ngati inu.

Mafilimu anu a zinthu zogwa kumwambawo ndawaonerera ndili kumbuyo kwanu mpaka ndawaloweza, ngakhale Chizungu chake chimandidutsa. Onse ndi amodzi, amangosintha nkhope. Chinthu chigwa m'munda mwa munthu. Galu auwa. Wopusa mmodzi apita kukachigwira, chinthu chija chiyamba kuwala, iye n'kudwala, kapena n'kupeza mphamvu zonyamula galimoto. Kenaka afika asilikali ophimba kumaso, atchinga mudzi wonse ndi waya. Pamakhalanso mayi wina wa magalasi amene yekha ndiye amatha kuwerenga zolembedwa pachinthupo, koma akuluakulu samumvera. Ndipo kumapeto eni ake amabwera. Nthawi zonse amabwera, chimbale chawo chouluka chija n'kuphimba dzuwa. Pakafika pamenepo ine ndimanyamuka kukaona nkhuku, chifukwa pamenepo m'pabodza. Chinthu chotere chinatigwera ife pano pomwe, ndipo ndikudziwa mmene nkhani yake imathera.

Musanditong'olere maso. Iwe Chanju umvetsere kwambiri, poti nkhaniyi ndikukambira iwe, mlongo wakoyu angodyera nawo. Akusankha kusekondale yogonera konko, masiku otsegulira ayandikira, koma chikwama chako chili m'nyumbamo chopanda kanthu. Ukuti sungapite chifukwa kumeneko salola foni, ndipo bambo ako angaimbe kuchokera ku Joni iwe kulibe. Mayi ako alankhula mpaka atopa. Ine sindikukalipira lero, ndingokuuza za achimwene anga.

Koma ndiyambe ndi ada, bambo anga, ngakhale nkhope yawo sindiidziwa. Ananyamuka ine ndili kumbuyo kwa ama, kupita ku Halale kukagwira ntchito m'nyumba za Azungu, monga ankachitira amuna ambiri a kunyanja kuno. Ulendo wa masiku amenewo sunali wa basi ya mipando yofewa. Munthu ankakwera sitima ya pamadzi, kwina n'kuyenda wapansi, ufa wa kondowole uli m'kathumba, usipa wouma atamanga pakansalu. Zaka zoyamba ada ankatumiza zinthu. Kunabwera bulangeti lofiira, mbale zachitsulo zamaluwa, ndi nsapato za achimwene zimene zinafika zitawachepera kale. Kenaka kunangoti zii. Anthu otere timawatcha machona, otsalira kuchilendo. Maliro awo sitilira poti sitinamve kuti afa, ndipo mkazi wosiyidwayo sakhala wamasiye, sakhalanso wapabanja. Nkhafi imene ada ankapalasira bwato, ama anaisomeka kudenga pamwamba pa khomo. Munthu akawafunsa ankangoti madzi saiwala khwawa. Tsiku lofika sitima ankasamba m'mamawa, n'kuvala chitenje chawo chabwino, n'kumasinja chinangwa atayang'ana kunjira.

Achimwene anga a Yotamu, amene inu simunawaone, anali aakulu kwa ine, choncho iwo ada ankawakumbukira, mawu awo ndi kaseka kawo. Nsapato zochepa zija sanalole kuti apatse mwana wina, ankazisunga m'bokosi. Mutu anali nawo anthu aja. Ankapita wapansi kusukulu ku Bandawe motsata gombe, mabuku atamanga pamutu powoloka mitsinje, chinangwa chootcha chili m'thumba, osati inu amene mumafuna mandasi ndi kabaza musanasambe n'kumaso komwe. Pamudzi ponse pano Chizungu chenicheni chinali m'kamwa mwawo mokha. Atamaliza, anawasankha kupita kusukulu ya uphunzitsi kumapiri a kumpoto uko. Tsiku limene tinamva, ama anavina pabwalo opanda ng'oma.

Tsono pali lamulo lina la kunyanja kuno limene inu simulidziwa, poti masiku ano munthu akatola chinthu amathamangira nacho kumsika. Kale mwera ukawomba masiku angapo, gombe linkadzaza ndi za eni: nkhafi, zoyandamitsira ukonde, mwina bwato lathunthu lochokera kutali kummwera. Amene wayamba kuchigwira chinthucho n'kuchikokera kumtunda, ameneyo ndiye msungi wake. Si chake ayi. Likakhala bwato ankalivundikira pamthunzi n'kuliphimba ndi masamba a nthochi kuti lisang'ambike ndi dzuwa. Kulikwera ayi, kubwereketsa ayi, ngakhale lako litabooka. Mwini wake ankabwera wapansi akufunsa mudzi ndi mudzi, mwina patapita mwezi, mwina chaka. Akafika, msungi yemweyo ndiye ankafotokoza ndi pakamwa pake pamene anachipeza ndi mmene chinalili, mwini n'kuthokoza ndi nkhuku kapena nsomba. Mabanja ena amene timaitanana pamaliro mpaka lero, chibale chake chinayamba ndi nkhafi yotayika. Koma munthu wodya chotola cha m'nyanja ankalozedwa chala mpaka adzukulu ake.

Chaka chimenecho ndinali ndisanathe msinkhu. Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe, mango atayamba kupsa. Tinali kugombe m'mawa ndi ama, tikuvuula chinangwa m'mitsuko yadothi, osati migolo ya pulasitiki yanuyi imene imanunkhitsa kondowole mafuta. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Tinangomva kugunda kawiri ngati mvula ya kumapiri, nkhuku n'kubalalika. Kutali panyanja kunaima utsi wopyapyala. Amayi ena anati ndi nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'madzi ngati utsi, n'kuthamangira kunyumba kukatenga madengu oti akolere ndiwo mphepo ikatikankhira kumtunda. Anadikira ndi madengu awo mpaka dzuwa kufika paliwombo. Nkhungu sizinabwere, ndipo tinawaseka.

Patapita masiku, achimwene anapita kukaonjola ukonde. Anabwerako mochedwa, akupalasa pang'onopang'ono, chinthu china chikuyandama kumbuyo kwa bwato atachimanga ndi chingwe. Chinali chimpira chachitsulo, chachikulu ngati mtsuko wosungira madzi, choti mwamuna mmodzi n'kuchikumbatira n'kunyamula. Mbali imodzi chinali chakuda chowauka, mbali inayo chinali ndi mitundu ngati khosi la nkhunda. Chinali ndi kamchombo pamwamba ndi kena pansi, ndipo msoko wake wa pakati unali wosalala moti chikhadabo sichinkakodwa. Pafupi ndi kamchombo kamodzi panali zolemba, zina zofanana ndi zathu, zina zoyang'ana kumbuyo ngati walemba mwana wa sitandade wani. Achimwene, amene ankawerenga chilichonse mpaka mapepala okulungira sopo, anaziyang'ana nthawi yaitali n'kupukusa mutu.

Ndikuona Wongani akufuna kufunsa ngati chinawala. Sichinawale. Galu wathu anachinunkhiza, n'kukweza mwendo, basi. Ine ndinachigwira, ndipo mphamvu imene ndinapeza ndi yomweyi yosinjira chinangwa. Koma mantha analipo. Ena anati ndi ndege ya afiti yagwa panjira. Ena anati ndi bomba lotsala pankhondo ya Azungu, amayi n'kumakoka ana awo. Akulu a mpingo anabwera n'kunena kuti chibwezedwe kumadzi akuya kumene chinachokera. Achimwene anali mnyamata chabe, koma anagwada mwaulemu n'kufunsa akuluwo kuti, "Ada, inu mukatola bwato la eni, mumalikankhiranso m'nyanja?" Akuluwo onse anali asodzi. Anayang'anana, wina anatsokomola, anapemphera mwachidule, n'kumapita.

Asilikali anu ophimba kumasowo, kwathu kuno anali bambo mmodzi wa boma, wa kabudula wa kaki, amene anabwera panjinga. Anachizungulira ataima patali, anachigogoda ndi ndodo, chinalira ngati belu, iye n'kudumpha. Ama anamuphikira nsomba ya batala. Atakhuta anati akauza akuluakulu ndipo atumiza galimoto. Mwina galimotoyo ikadali m'njira. Kunabweranso mmisiri wokhoma zidebe amene ankafuna kuchidula pakati kuti atulutsemo mapoto awiri. Ameneyo achimwene anamuperekeza mpaka kumsewu ndi mawu amene sindingawabwereze pamaso pa ana.

Anachimangira kachisakasa kuseri kwa nyumba, n'kuchikhazika pamiyala kuti chisakhudze dothi. Loweruka lililonse ankachikwecha ndi phulusa, ngakhale dzimbiri silinkachigwira n'komwe. Ana tikafuna kuchimenya kuti timve kulira kwake ankatiletsa, amvekere za eni saseweretsa. Khirisimasi inadutsa, chaka chatsopano tinavina chilimika, nthawi yopita kusukulu ya uphunzitsi inakwana. Ama anali atawasokera kale thumba ndi kuwasinjira ufa wa panjira. Achimwene anati adikira kaye pang'ono, eni ake sangachedwe, chinthu chotere ayenera kuti akuchifunafuna. Ama anati, "Pita mwana wanga, ndikusungira ine." Iwo anayankha kuti, "Nanga akabwera akuyankhula Chizungu, adzawayankha ndani? Ndinachikoka ndine, ama. Ayenera kumva kwa ine." Ama sanalimbikire. Munthu amene ankasamba m'mamawa tsiku la sitima akanamuuza bwanji mwana wake kuti kudikira n'kupusa?

Malo awo anapatsa mnyamata wina, amene pambuyo pake anadzakhala mphunzitsi wamkulu woyenda panjinga yamoto. Chaka chotsatira anawaitananso, ndipo aphunzitsi awo a ku Bandawe anachita kubwera okha kudzawanyengerera. Iwo anati chaka chamawa. Kachitatu sanawaitanenso.

Zaka zimathamanga, ana inu, makamaka kwa munthu amene wakhala pansi. Ine ndinatha msinkhu, ndinakwatiwa, ndinapita ndi agogo anu aamuna ku Limphasa kukalima mpunga, miyendo ili m'matope, misundu ikutiyamwa. Ndinabereka, ena ndinaika m'manda, agogo anu nawo anandisiya, ndipo ndinabwerera kuno ndi mwana mmodzi yekha, Lameki, bambo anuwo. Ndinapeza maukonde aja ankaluka ndi ulusi wosolola m'matayala akale atatha, kwabwera a nayiloni. Miuni ya bango yokopera usipa inali italowedwa m'malo ndi nyali zopopa. Zonse zinali zitasintha kupatula achimwene ndi kachisakasa kawo, kamene ankafolera udzu watsopano chaka ndi chaka, denga la nyumba yawo likudontha.

Anzawo onse anayenda, ena ku Joni, ena kumigodi ya ku Zambia, n'kubwerako ndi mawailesi ndi masuti ovinira honala. Achimwene ngakhale ku Nkhata Bay komweku sankagonako. Akapita kumaliro kutali ankabwerera tsiku lomwelo, ndipo funso loyamba pofika linali lakuti kodi kunabwera munthu. Panali mkazi wina, NyaManda, amene anawakonda, munthu wabwino woseka ndi thupi lonse. Anapeza ntchito ya unamwino kummwera, ndipo anati tiyeni tonse. Anawadikira mvula ziwiri. Tsiku lonyamuka, achimwene anamunyamulira katundu mpaka pabasi, anabwerera, n'kukakwecha chimpira chawo ngakhale silinali Loweruka.

Ine pakamwa panga mukupadziwa. Ndinawakalipira mpaka malovu kuuma. Ndinkati chimpiracho ndicho mkazi wanu, ndiye chizikuphikirani. Ndinkati eni akewo ngati ali kumwamba ndiye akuchiona, kungoti sakuchifuna. Iwo sankakwiya. Ankangoyendetsa chala pamsoko paja n'kunena kuti, "Mzichi wangu, mlongo wanga, tayang'ana ntchito iyi. Amene anapanga ichi anakhala pansi, anatuluka thukuta. Munthu sataya chinthu chimene anachipanga bwino chonchi." Ndiye ankawonjezera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinkawayankha kuti nkhono yanuyo ndi chigoba chokha, mwini anatulukamo kale.

Ama anakalamba akuyang'ana kunjira. Anthu atasiya kubwera pasitima, anayamba kutchera khutu mabasi. Atadwala matenda awo omaliza, nyengo ya mwera, anaitana achimwene n'kuloza kudenga ndi maso. Anati, "Akabwera uwapatse nkhafi yawo. Uwauze kuti sindinapite kulikonse." Kuyambira pamenepo achimwene anali msungi wa zinthu ziwiri. Maliro a ama ndinalira ndi mkwiyo, ndikuuzeni zoona, chifukwa mkazi wokongola ngati uja moyo wake wonse unathera pakhonde, pamene amene ankamudikirayo mwina anali ndi banja lina ku Halale, akudya bwino.

Kenaka gombe lathu linayamba kumera maloji. Kumene tinkayanika usipa kunabwera mipando yogonapo Azungu ofuna kupsa ndi dzuwa, chinthu chimene mpaka lero sindichimvetsa. Lameki anapeza ntchito yoperekera zakudya paloji ina cha ku Makuzi, ndipo n'komwe anakumana ndi mayi anu akuyala mabedi. Pofika nthawi imene ndikukambayi anali atakwatirana, iwe Chanju uli m'mimba. Tsiku lina Lameki anafika kunyumba akupuma wefuwefu, n'kunena kuti kwabwera mlendo wachikulire amene moyo wake wonse anagwira ntchito ya makina ouluka kumwamba. Mlendoyo atamva za chimpira cha asibweni ake a Lameki, amalume akewo, anapempha kuti adzachione m'mawa mwake. Mwana wanga ankaganiza kuti akuwabweretsera mphatso.

Tsiku limenelo achimwene sanapite kunyanja. Anameta ndevu, anabwereka jekete, anapha tambala. Anasesa bwalo lonse okha, osalola kuti ndiwathandize. Mlendo atafika, bambo wamtali wofiira khosi, anamulonjera n'kumukhazika pampando, iwo n'kuima chilili, manja kumbuyo ngati mwana wasukulu. Ndiye anayamba kufotokoza m'Chizungu chija anachisunga zaka zonsezo, za kugunda kopanda mtambo, za utsi, za malo amene anachipeza ndi mphepo imene inkawomba tsikulo. Mawu ankatuluka osakodwa paliponse. Ndinazindikira kuti ankawabwereza okha m'bwato moyo wawo wonse. Ine Chizungu sindimva, koma misozi inatuluka.

Mlendoyo sanali munthu woipa, musadane naye. Anamvetsera mpaka kumapeto. Ataona chimpiracho anagwada pansi n'kumachisisita, akuseka ngati wakumana ndi mnzake wakale, n'kuchijambula mbali zonse. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kake kanali kakuthwadi. Lameki ankandimasulira. Anati ichi ndi thanki yosungira mpweya, yochokera m'chombo chimene anthu a dziko lina lozizira anaponya kumwamba kalekale. Chombo chikatha ntchito chimagwa n'kupsera m'njira, koma mipira yotereyi siipsa, imangotera paliponse, m'zipululu, m'minda, m'nyanja. Achimwene anagwedeza mutu mokondwa, poti tsopano zinadziwika kuti eni ake ndi anthu ndithu, okhala ndi kwawo. Anafunsa kuti tingawadziwitse bwanji kuti katundu wawo ali kuno, ndipo ali bwino.

Mlendo anakanda m'mutu. Anayankha motsitsa mawu, ndipo Lameki anangoti kukamwa yasa, osamasulira, mpaka ndinachita kumugwedeza. Akuti amene anapanga chinthuchi mwina anamwalira kale, ndipo ngakhale ali moyo sankaziwerengera zimenezi. Ankadziwa kuyambira tsiku loponya lomwe kuti zidzagwa kwina, ndipo panalibe amene anaganizapo zodzazitola. Achimwene sanafunikire womasulira. Anafunsa m'chilankhulo chathu, osayang'ana munthu aliyense.

"Ndiye kuti alipo anthu otero? Opanga chinthu ndi manja awo, n'kuchisiya, osabweranso ngakhale kudzafunsa?"

Pamenepo m'pamene ine, ndi nzeru zanga zochedwazi, ndinamva kuti zaka zonsezo sitinkakangana za chitsulo. Amene anaima pabwalo paja ndi jekete lobwereka anali mwana uja analandira nsapato zochepa. Mumtima mwake ankati ngati chimpira chili ndi mwini wodzabwera kudzachitenga, ndiye kuti ifenso tili naye.

Achimwene anati yewo pothokoza mlendoyo, anamupatsa madzi osamba m'manja, anamuikira nthutumba ya tambala m'mbale monga timachitira ndi mlendo, n'kumuperekeza mpaka kumsewu. Atabwerako anakwera pampando n'kusolola nkhafi ya ada kudenga. Inali itafumbwa yonse mkati. Anandipatsa n'kunena kuti, "Mzichi wangu, kasonkhezere pamoto." Sindinafike nayo kukhitchini. Inathyokera m'manja mwanga, fumbi lake n'kunditayikira pachitenje.

M'mafilimu anu, amene wagwira chinthucho amadwala tsiku lomwelo. Achimwene chinawadwalitsa pamene anachisiya. Loweruka linafika, phulusa linakhala m'mbale osakhudzidwa. Kachisakasa kanagwa ndi mvula yoyamba, sanakadzutse. Ankakhala pakhonde atazyolika, osayang'ananso kunjira, ndipo ine amene ndinkawanyoza podikira ndinayamba kulakalaka atafunsanso ngati kunabwera munthu. Tsiku lina ana asukulu ankadutsa akuloweza timawu ta Chizungu molakwitsa. Achimwene anawaitana n'kuwakonza, anawo n'kubwereza bwinobwino. Atapita, anandiuza kuti, "Ndikanatha, ukudziwa. Ndikanakhala mphunzitsi wabwino." Ndinati ndikudziwa. Anamwalira mvula isanathe, mwezi womwe iwe Chanju unabadwa. Ndimawasowa kwambiri, ndipo mtima umandiwawa ndikaona aphunzitsi opuma ntchito akupita kutchalitchi ndi maambulera awo.

Mukufunsa kuti chinapita kuti? Wongani, tanena, umaponda chiyani ukamathyola mango kuseri kwa khitchini? Eya, chomwecho, chimene mumati ndi chitsulo chakale cha sitima. Mwakhala mukutha moto wa foni kuonera zakumwamba zabodza, pamene chenicheni chili ndi zitosi za nkhuku kuseri kwa nyumba yanu. Khala pansi, ukachiona nthawi ina, sichithawa. Nkhani sindinamalize.

Bambo anu analira kwambiri pamaliro a asibweni awo. Ananena pamanda pomwepo kuti iwo sadzakhala ngati agogo awo a ku Halale, ndipo ndikukhulupirira kuti zinachokera mumtima. Koma alendo atachepa paloji, anzawo akubwera ku Joni ndi malata ndi magalimoto, nawonso anakwera basi. Chaka choyamba kunabwera mabulangeti, ndipo mtima wanga unangoti myuu, poti bulangeti ndimalidziwa. Kunabwera foni iyi. Ankaimba Lamulungu lililonse, kenaka pakutha pa mwezi, kenaka pa Khirisimasi pokha. Khirisimasi yapitayi ndi inzake ija simunamve kanthu. Ameneyo ndi mwana wanga, ndinamubereka ku Limphasa mpunga uli m'madzi, ndipo palibe tsiku limene sindimuganiza. Sindikunena kuti sadzaimba. Sindikudziwa. Mwina mawa lomweli ilira.

Koma ndimakuona, Chanju. Ndimaona mmene umaipukutira ndi nsonga ya chitenje, mmene umathamangira nayo kukatchaja kugolosale moto usanathe n'komwe, mmene umafunsira ukachokera kumjigo, ndowa ili pamutu, kuti kodi inalira. Nkhope imeneyo ndinaiona pa ama, ndinaiona pa achimwene, ndipo sindikufuna kufa nditaisiya pa iwe. Banja lino lapereka kale anthu awiri kwa osabwera, akwana. Mayi ako akuchapa nsalu za alendo mpaka manja kusupuka kuti iwe ukalowe m'kalasi imene a Yotamu sanalowe. Malo aja akapatsa wina, ndipo wamva wekha kuti kachitatu saitana.

Usalire, mama. Kapena lira, palibe kanthu, koma uzilira ukulongedza. Lamulo lija limangofuna kuti msungi akhalepo, ndipo ine ndilipo, miyendo iyi sipitanso kulikonse. Ikalira ndiyankha, ndiwauza bambo ako kuti mwana wawo ali kusukulu, adzaimbenso patchuthi. Ikapanda kulira, idzakhala itadya masiku a nkhalamba, osati ako.

Bweretsa kuno. Ine kusungira anthu zinthu zawo ndinazolowera. Wongani, pukuta manja akowo, undionetse pamene amadina ikalira.